Galimoto ya Dominiki Yanditengera Atate

Amayi, kodi kwacha bwanji uko muliko?

Ndine Velonika, mwana wanu woyamba, uja munkati anatengera pakamwa pa azakhali ake. Kuno ku Kabwe tilipo. Mvula inachedwa chaka chino, ndipo itabwera inabwera ndi ukali, moti denga la kukhitchini kwanga ku Kamushanga likudontha pamalo omwe aja munkatcherapo beseni mukabwera kudzacheza. Kumanda kwanu ndinapitako sabata yatha ndi khasu. Ndinapeza udzu utafika m'chiuno, ndipo maluwa apulasitiki amene mlamu wanga Chileshe, mkazi wa Dominiki, anaikapo anali atayezuka ndi dzuwa. Ndinawachotsa. Akadzafunsa ndidzati ndi mphepo.

Mdzukulu wanu Jeni anachira bwinobwino, ndi mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu. Tsopano m'nyumba muno muli Rozaliya wina, wa mapazi ataliatali ngati anu, wolira mosapempha chilolezo. Amayi aang'ono ku Petauke anatitumizira thumba la mtedza pabasi. Akuti mtedza wachita, koma chimanga chawanyenga, chinatulutsa ngayaye dzuwa lili pamutu. Magetsi akuzimazima monga munawasiyira, ndipo mpopi wathu umatulutsa madzi pamene wafunira wokha.

Koma sindinakhale pansi kuti ndikuuzeni za mtedza. Ndabwera kudzamuneneza mwana wanu Dominiki, mlongo wanga, uja wa kumtima kwanu. Ndi iye ndi galimoto yake. Ananditengera Atate m'nyumba mwanga ine ndikuona, ndipo ngakhale lero Atatewo ali kuno, sindikudziwa ngati ndinawabwezadi.

Ndiyambe poyambira. Titakuikani, abale onse anagwirizana kuti Atate asakhale okha m'nyumba ija ya ku Railways. Tinaikamo anthu a lendi, Atate n'kubwera kwa ine, poti inu nomwe munkati mutu ukakula sulewa nkhonya. Ndinawapatsa chipinda chabwino, chija choyang'ana kumtengo wa mango. Ndinkawachapira, kuwasitira, kuwawenga zikhadabo, kuwatenthetsera madzi osamba, kuwaphikira phala la mtedza lopanda mchere wambiri chifukwa cha kuthamanga kwa magazi kuja. Akagwira tsache ndinkawalanda. Akafuna kupita kukagula buledi ndinkatuma mwana. Ndinkafuna kuti anthu a kumphakati akamadutsa aziona kuti mkazi wa a Tembo anapita, koma anasiya mwana. Atate ankakhala pampando pansi pa mango, maso ali kugeti, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Sankadandaula, sankayamikanso. Ine ndinkati ndi chisoni, chidzatha chokha.

Khirisimasi itayandikira, Dominiki anagula galimoto. Bizinesi yake ya simenti ndi malata ku Bwacha ikuyenda, zimenezo sindikana. Koma si galimoto wamba, Amayi. Ndi zija zachizungu, zazitali, zakuda bii, zimene ife tinkangoziona zikudutsa pamsewu waukulu kupita ku Kopala magalasi atatseka. Inayenda kale zaka zake kutsidya kwa nyanja, mwini wake atatopa nayo inakwezedwa pachombo, n'kutsikira ku Dar es Salaam, n'kulowera pa Nakonde. Kunena mosapsatira, ndi salaula, ngati madiresi aja tinkasankha pamulu kumsika, kungoti uyu ali ndi matayala. Koma ukaiona sunganene. Mipando yake ndi yachikopa, ndipo akuti imafunda yokha pansi, m'dziko lotentha ngati lino. Chitseko chake chikamatsekeka sichimveka n'komwe.

Lamlungu loyamba anaiimika pafupi ndi khomo la tchalitchi, pambali pa kagalimoto ka abambo mfumu, kamene kanaoneka ngati kamwana kake. Misa itatha, azimayi anzanu a kumphakati anaizungulira, wina n'kuyamba nthungululu, wina n'kunena mokweza kuti a Rozaliya anabereka. Ine ndinaima chapatali ndi nsapato zanga zafumbi. Amayi, ndinamva nsanje, ndipo sindikubisirani, poti kumeneko mwina mumaona kale m'mitima. Ine amene ndinagona pasimenti kuchipatala pambali pa bedi lanu, ine amene ndinkakutembenuzani msana ukatopa, palibe anaimbapo nthungululu kuti a Rozaliya anabereka. Dominiki ankabwera ndi nthochi m'kapepala, n'kukhala pang'ono maso ali pafoni, n'kumapita. Ndipo inunso, tinene zoona, mukangomva mawu ake pakhomo nkhope yanu inkawala. Nthochi zake munkadya, phala langa munkabweza.

Chileshe anakhala kutsogolo, chigongono chili pawindo, akumwetulira aliyense ngati mkazi wa nduna. Atate anawaika kumbuyo, kumene amakhala mabwana. Inenso anandiitana kuti malo alipo, koma ndinati ndimakonda kuyenda pansi, kumawongola miyendo. Anandidutsa panjira, fumbi lawo n'kundilowa m'kamwa. Kuyambira tsiku limenelo Dominiki ankabwera Lamlungu lililonse kudzatenga Atate, ine n'kumawongola miyendo yanga ndekha.

Lenti isanayambe, mbiri inandipeza kuti galimoto ija ikudwala. Kutsogolo kwa woyendetsa kunkayaka kanyale kachikasu kooneka ngati kaketulo, kusonyeza kuti oyilo wachepa m'injini. Dominiki akathira, pakangopita masiku pang'ono kanyale kaja n'kuyakanso. Pansi pamene yagona panalibe dontho ngakhale limodzi, kusonyeza kuti sinkataya, inkamwa. Akailiza m'mawa, kumbuyo kunkatuluka utsi wabuluu wonunkha ngati tayala lopsa, mpaka nkhuku za anansi kuthawa. Kubuti, kumene anthu amaika katundu wa ulendo, iye ankayenda ndi mabotolo a oyilo okhaokha. Makanika wina wa ku Bwacha anamuuza kuti malingi a m'injini, timphete totchinga oyilo, anatha kalekale kwa mwini wake woyamba, ndiye oyilo akukwera kumene sayenera kufika n'kumapsa pamodzi ndi petulo. Mankhwala ake ndi kumasula injini yonse, koma zitsulo zake kuno kulibe, mpaka aitanitse kutali. Dominiki ankangoti mwezi wamawa.

Nditamva zimenezi ndinachapa zovala tsiku lonse ndikuimba nyimbo za Aleluya, chonsecho Lenti inali pakhomo. Ndinakumbukira mawu anu aja mukaona mtsikana wodzola kwambiri, akuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndinauza anansi amene anandifunsa, ndinauzanso amene sanandifunse.

Chimene sindinachiganizire ndi Atate. Mukudziwa kuti moyo wawo wonse wa ntchito unathera kumashopu a njanji, akuthira oyilo m'mainjini a sitima, ndipo ankabwera kunyumba ndi fungo lija munkati limalowa mpaka m'mapilo. Lamlungu lina atatsitsidwa pageti panga, m'malo molowa, anauza Dominiki kuti atsegule boneti. Anasolola kachitsulo koyezera oyilo, n'kukapukuta, n'kukabwezera, n'kukasololanso. Anatikita oyilo uja pakati pa zala, n'kununkhiza. Ndinaona msana wawo ukuwongoka pang'onopang'ono. Ndinawaitana kuti chakudya chikuzizira, koma sanandimve.

M'mawa mwake anadzuka ine ndisanadzuke, anameta ndevu okha, n'kundifunsa kumene ndinaika ovolosi yawo. Ndinati ndinaipinda pansi pa sutikesi poti ntchito yake inatha. Anaitulutsa okha, n'kuvala, n'kukwera minibasi ya ku Bwacha, munthu amene ine sindinkamulola kufika ngakhale pagolosale. Anabwera madzulo manja ali bii. Tsiku lotsatira chimodzimodzi. Kenaka anayamba kugona komweko, ati afunika kuiona m'mamawa injini isanatenthe. Kenaka anabwera kudzatenga chikwama. Ndipo Amayi, muli chikhalire? Chitenje chanu chobiriwira chija cha nkhanga, chimene ndinachisunga osachivala ngakhale kamodzi, ndinkangochitulutsa kuti ndimve fungo lanu, anachitenga n'kuching'amba tizidutswa topukutira kachitsulo kaja. Ati nsalu yake ndi yofewa, siisiya ulusi.

Ndinapirira mpaka ndinalephera. Ndinavala, n'kupita ku Bwacha kukawatenga. Ndinawapeza atawerama m'boneti akuimba mluzu, nyimbo ija ankaimba akamakonza njinga yathu tili ana. Pambali pawo panali mbale ya kapenta wa Chileshe, woyera ndi mchere, ndipo anali atamaliza theka. Kwanga amadya ngati akumwa mankhwala. Ndinamukokera Dominiki kuseri kwa nyumba, ndinamuuza zonse zimene zinali kukhosi, kuti akugwiritsa ntchito nkhalamba ngati kapolo, kuti akawapha ndi mchere, kuti pa matenda anu sanaoneke koma lero akufuna kuoneka mwana wabwino. Anandisiya ndilankhule mpaka malovu kuuma.

"Sisi, ine sininawaitane," anatero. "Abwela okha. Manje mufuna niwapilikise?"

Ndinabwerera kwa Atate n'kugwada, ndinati tiyeni kunyumba, chipinda chanu chikukudikirani. Anati mawa, maso ali m'injini. Ndinakwera minibasi ndekha, ndikulira ndi ukali, kondakitala n'kumandifunsa ngati kwagwa maliro.

Tsopano mumve chimene Atate anachita, poti inu mumawadziwa kuti akagwira mfundo sataya. Iwo anati vuto si malingi. Anati vuto ndi oyilo wa m'mabotolo uja, ndi wamadzimadzi ngati tiyi wa pamaliro, n'chifukwa chake akungodutsa. Anati pa nthawi yawo sitima inkamwa oyilo tsiku ndi tsiku ndipo palibe ankati ikudwala, injini ikamamwa umaipatsa wambiri ndiponso wolemera. Anapita ku Railways kwa anzawo aja anapuma nawo ntchito, amene amakhala pansi pa mtengo akusewera nsolo, n'kubwerako ndi chigubu cha oyilo wolemera ngati uchi, wa mtundu umene ankathira m'sitima. Anathira mpaka kupitirira pa chizindikiro cha kachitsulo kaja. Ati injini siifa ndi kukhuta, imafa ndi njala.

Masiku oyamba utsi unachepadi, ndipo kanyale kanazima. Atate anasanduka mfumu ya ku Bwacha. Anthu ankabwera ndi timagalimoto tawo kudzafunsa nzeru, iwo n'kumayendayenda ndi kansalu ka nkhanga paphewa. Koma makanika uja anamuitanira Dominiki pambali, n'kumuuza kuti injini za mtundu umenewu si za sitima. Njira zake za oyilo ndi zing'onozing'ono ngati udzu womwera, oyilo wolemera safika kumene akufunika, ndipo tsiku lina zitsulo zidzakhulana zouma. Dominiki anasowa pogwira. Mwana wamwamuna angagwire bwanji dzanja la atate ake n'kulichotsa pa ntchito imene anamulerera nayo, anthu akuona? Ndiye anabwera kwa ine, Amayi, mwana wanu wa galimoto uja, anakhala pampando wanga wothyoka n'kundipempha kuti ndikalankhule ndi Atate, poti ine amandimvera. Ndinamuyankha kuti galimoto ndi yake, ndipo Atate anawatenga yekha. Ndinkafuna kuti galimotoyo ife. Ndanena.

Pasaka itapita tinakabatiza Rozaliya wamng'ono. Jeni anaumirira kuti mwana wake apite kutchalitchi pa galimoto ya amalume ake, ndipo anaimanga maliboni oyera. Poti agogo ndiwo amanyamula mwana, ndinalibe pothawira, ndinakwera. Amayi, mpando uja ndi wokoma. Zinandipweteka mumtima kuti ndi wokoma. Maenje onse a mumsewu wathu, amene ndimawadziwa ndi msana wanga, sindinamve ngakhale limodzi. Atate anakhala kutsogolo tsiku limenelo, khutu lili tcheru ku injini, akugwedeza mutu ngati akumva kwaya.

Pobwerera, titangowoloka njanji, m'kati mwa boneti munayamba kugogoda, poyamba pang'onopang'ono, kenaka ngati munthu akusinja chimanga m'menemo. Kanyale kanayaka, ulendo uno kofiira. Galimoto inanjenjemera, n'kuzima pakati pa msewu, maliboni ali pepepe. Maminibasi anayamba kuliza mahutala kumbuyo kwathu, anyamata oitanira anthu n'kumaseka kuti abwana atsike akankhe. Atate anatsika, anatsegula boneti, n'kuika chikhato chawo pa injini monga mmene umagwirira mwana pamphumi. Anthu amene tinali nawo kutchalitchi anali atatipeza, atazungulira. Dominiki, thukuta lili kamukamu m'suti yake, analankhula mawu amene sanayenere kulankhula.

"Atate, mwaniphela motoka na oilo yanu ya sitima."

Atate anachotsa dzanja pa injini, n'kuliyang'ana, n'kulipukuta pa buluku lawo la ku Misa. Ine ndinapereka mwana kwa Jeni, ndinawagwira mkono, n'kuwakweza minibasi yoyamba ya ku Kamushanga. Sanakane. Pankhope ndinali ndi chisoni monga mwana wolongosoka, koma mumtima ndinkavina. Madzulo ake makanika ananena kuti injini yanoka, kutanthauza kuti zitsulo za m'kati zadyana, yafa.

Ndinapambana, Amayi. Ndinawayalira bedi, ndinawatenthetsera madzi, ovolosi ndinaichapa n'kuibwezera pansi pa sutikesi. Koma paja munkati walira mvula walira matope. Atate anabwerera pampando wawo pansi pa mango, ndipo ulendo uno sankayang'ananso ngakhale kugeti, ankayang'ana pansi. Ndevu zinamera, sanazikhudze. Phala linkabwerera monga ndaliperekera. Ndinkawaikira Rozaliya pamiyendo, iwo n'kumugwira ngati katundu wa munthu wina amene awasungitsa pasiteshoni. Malaya anayamba kuwakulira. Usiku sindinkagona, ndinkangomvetsera ngati akutsokomola, ndipo ndinayamba kuopa kuti mwezi wa Juni ndi kuzizira kwake sudzawapeza.

Dominiki anabwera kudzapepesa monga mwa mwambo, ndi nkhuku m'manja, Chileshe ali pambuyo pake. Anagwada, anapepesa bwino, ndimuyamikire pamenepo. Atate analandira nkhuku n'kunena kuti palibe mlandu. Koma potsanzika, Dominiki anandiuza ine, Atate akumva, kuti wapeza anthu ogula magalimoto akufa, aja amaphwasula n'kumagulitsa chitseko payekha, nyale payekha. Anati adzabwera kudzaitenga sabata ikubwerayo.

M'mawa mwake ndikuwapatsa madzi osukusula, Atate anandiuza kuti ndipite kwa mlongo wanga ndikamuuze asaigulitse, aibweretse kuno. Amenewo anali mawu awo oyamba aataliko kuyambira tsiku la ubatizo, ndipo anali a galimoto. Pakamwa pa azakhali paja panatseguka. Ndinawafunsa kuti chitsulo chimenecho chili ndi chiyani chimene ine ndilibe. Ndinawawerengera zonse, kuchapa, kusita, kuphika, kusagona. Ndinati chinawachititsa manyazi pamsewu anthu akuona, ine sindinawachititsepo manyazi chibadwire. Ndinati ngati akufuna mwana wa matayala anene, ine ndipume. Anandiyang'ana, madzi akudontha m'ndevu.

"Vero, mwana wanga, iwe unichitila vonse. Nikafuna kuimilila, wanigwila kale. Amai ako pamene anadwala, munaniika pakhonde monga mlendo. Ngakhale kapu ya manzi sininawapase. Iyi motoka ndiye yeka inanivomela kuti niidwazike."

Ndinafuna kuyankha kuti ndi mwambo, ndipo ndi mwambodi. Mayi akadwala chogonera, amamusamala ndi ana ake aakazi ndi azimayi anzake, bambo amadikira kunja. Ndiponso ndinu, Amayi, amene munandigwira dzanja titabwera nanu kunyumba kuchoka kuchipatala, n'kunena kuti atate ako asalowe, asandione chonchi. Mlandu umenewu tigawana, musandisiyire ndekha. Koma pamene ndinkatsegula pakamwa ndinawaona m'maganizo, atakhala pakhonde la nyumba ya ku Railways chipewa chili pamaondo. Chitseko chikatseguka ankaimirira, ife n'kuwadutsa ndi beseni, iwo n'kukhalanso pansi. Tinkati tikukusungirani ulemu nonse awiri. Munthu amene munakhala naye kuyambira muli mtsikana wa ku Petauke anakuonani komaliza mutatsekedwa kale maso. Ndinatola beseni n'kukataya madzi.

Tsiku lomwelo ndinapita ku Bwacha. Dominiki anandiuza kuti makanika wanenetsa, injini imeneyo singadzukenso ngakhale atabwera amene anaipanga. Ndinati ndikudziwa. Anandiyang'ana ngati ndapenga, kenaka anayang'ana kumbali n'kupukuta m'maso, ndipo kwa nthawi yoyamba kuchokera pa maliro anu ndinaona kuti nayenso ndi mwana wamasiye. Musaganize kuti ndamukhululukira za nthochi.

Anaibweretsa ikukokedwa ndi lole yonyamula mchenga, pa chingwe, ana a m'Kamushanga akuthamangira pambuyo. Pabwalo panga mukupadziwa kuchepa kwake. Malo okhawo amene ikanakwana ndi kadimba kanga ka chibwabwa ndi repu, ndiye ndinazula ndekha ndiwo zanga zili pakati pobereka. Tsopano mdani wanga wagona pansi pa windo la kuchipinda kwanga, ndikatsegula katani m'mawa ndiye woyamba kumuona. Chokoma chimodzi chilipo. Anthu odutsa akuganiza kuti ndi yanga, ndipo ine sindikuwatsutsa.

Atate anatulutsanso ovolosi. Amasula injini chitsulo chimodzichimodzi, n'kuyala pamasaka, n'kumatsuka chilichonse m'parafini ndi mswachi wakale. Zina sakuzidziwa n'komwe ntchito yake, amazitembenuza, n'kuziika pambali mwaulemu. Akumetanso ndevu. Akudya, ngakhale amadya chiimirire, mbale ili padenga la galimoto. Dzulo ndikuanika zovala ndinamva akundiitana, "Vero, bwela unigwilile apa." Ndinaima padzuwa nditagwira mbale ya mabawuti mpaka mikono kuwawa, ndipo sindinawauze kuti akhale pansi apume, ngakhale mawuwo anali pamlomo.

Nsanje sinathe, ndisakunamizeni. Amalankhula nayo motsitsa mawu, amaifunsa pamene pakupweteka, amaifunditsa lona mitambo ikangoda. Ine sanandilankhulepo choncho, ndipo ndikamawamva pawindo ndimadziwa kuti mawu amenewo si a galimoto, si anganso. Ndi anu, aja anakhala nawo pakhonde.

Ndiye ndili ndi pempho, Amayi. Tsiku lawo likadzakwana n'kufika kumeneko, musadzawakhazike panja. Mudzawatsegulire, adzakuoneni mmene muliri, ndipo akadzakupatsani madzi mudzamwe ngakhale mulibe ludzu. Koma musawaitane msanga. Ine kuno ndikulonjeza kuti zimene ananena makanika sizidzatuluka pakamwa panga, ndipo parafini akatha ndidzagula wina.

Ndimakukondani, ngakhale munkakondera.

Ine mwana wanu woyamba,
Velonika